Mtembo wa Labala Wasowa ku Annandale

A Gresham anandiimbira foni Lamulungu masana, ndisanavule n'komwe nsapato za kutchalitchi, n'kundiuza kuti mtembo wabedwa m'galaja mwawo.

Ndinawapempha kuti abwereze. Anabwereza mawu omwewo, modekha ngati akuwerenga lipoti ku banki yaikulu imene amagwirako ntchito, koma cha kumbuyo ndinkamva Luntha, mwana wawo wamkazi, akusisima. Ndinatenga juzi n'kuoloka msewu, pakuti nyumba zathu zimayang'anizana ku Annandale kuno.

Ine ndine Christina. Ndimagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi, kufufuza anthu amene amalira kuti galimoto yawo yabedwa pamene aibisa kwa mlamu wawo. Amalawi anzanga kuno ananditcha Siaidi, ndipo ena amati ndimakonda za eni. Sindikana. Koma chikawasowa chinthu, foni yoyamba kulira imakhala yanga.

Unali mwezi wa Okutobala, nyengo imene Amereka amapenga poyera. Pakhomo lililonse panali mafupa a anthu a pulasitiki, maungu osemedwa mano, ndi manda abodza pakapinga. Kwathu munthu ataika chigaza pakhonde, mudzi ungamusamutse tsiku lomwelo, koma kuno aneba amaima n'kumamuyamikira. Ndiye nkhani ya mtembo m'galaja sinandidabwitse kwenikweni, inangondipatsa njala yofuna kudziwa.

Mtembowo sunali wa munthu, ndinene msanga. Luntha ali chaka chomaliza ku yunivesite, amaphunzira zopanga mafilimu, ndipo filimu yake yotsirizira maphunziro inali yoopsa. Galaja ya bambo ake anaisandutsa shopu ya telala ya kwathu: makina osokera opalasa ndi mwendo, nsalu zolendewera pachingwe, tepi yoyezera. Munalinso zidole ziwiri za labala, zazikulu ngati anthu enieni. China chinali cha mwamuna, Telala, wakupha anthu wa mufilimuyo. China chinali cha mtsikana wophedwa, amene ankagona pathebulo ali magazi thupi lonse, magazi opanga ndi manyuchi ndi utoto. Mtsikanayo ndiye anasowa pamene banja lonse linali kutchalitchi.

A Gresham anali atauzenga kale mlandu n'kuugamula. Chitseko cha m'mbali mwa galaja sichinathyoledwe, ndipo makiyi ake anali ndi iwo, Luntha, ndi Fahad, mnyamata wa ku Lanham amene ankajambula mawu a filimuyo. Anandionetsanso zimene kamera ya pabelu la pakhomo inajambula m'mawa umenewo. Corolla yakale ya Fahad inalowa, n'kukhotera kumbali kumene kamera siona, ndipo patapita nthawi inatuluka. Dzuwa linkawala pagalasi, woyendetsa osaoneka.

"Mayi Christina, apa palibe chofufuza," anatero a Gresham. "Mnyamata uja foni sakuyankha. Ndamulonjeza mwanayu kuti ndidikira mpaka sikisi koloko. Ikakwana, ndiimbira apolisi."

A Gresham sankamutchula dzina Fahad. Anali "mnyamata uja" kuyambira tsiku limene anazindikira kuti iye ndi Luntha sakambirana za filimu zokha. Ndipo ankadziwa bwino chimene foni imodzi ya kupolisi ingachite. Fahad amanyamula katundu ku bwalo la ndege, ntchito imene umalowa ndi baji, ndipo bajiyo amalanda dzina lako likangolembedwa kupolisi pa nkhani ya kuba. Mapepala ake a unzika analinso asanatuluke. Akanachotsedwa ntchito, iye ndi mayi ake akanasowa pogwira.

"Sanabe, anti," anatero Luntha. Chichewa chake chimatuluka akafika pa mavuto okha. "Fahad sangabe. Muwauze adadi."

Ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinawapempha onse awiri kuti aime pakhomo pa galaja, ine n'kulowa.

Makamera anali pomwepo. Laputopu ya Luntha inali pomwepo, zitsulo za gofu za a Gresham zilinso pakona. Wakuba ameneyu anadutsa zonsezi ngati sakuziona. Thebulo limene pankagona chidole linali lotsukidwa bwino, popanda ngakhale dontho la magazi aja. Pansi panali pokolopa, chidebe chili chovundikira kuti chiume. Diresi long'ambikang'ambika limene chidolecho chinkavala linali lodulidwa ndi sizasi kuchokera m'khosi kutsika, n'kupindidwa mwaulemu pampando. Pazenera panali potchinga ndi thaulo la a Gresham la ku gofu.

Ndaonapo akuba ambiri pantchito yanga, koma wakuba wokolopa ndinali ndisanamuonepo. Ndinagwada, ngakhale mawondo anga sakonda zimenezo, ndipo pansi pa thebulo ndinatola kachidutswa ka nsalu yoyera, yatsopano, kong'ambidwa ndi manja motalika ngati kachingwe. Munkamvekanso fungo limene ndinalizindikira msanga. Linali la kamfa, koma lamphamvu kuposa mafuta aja timadzola m'nyengo yozizira.

Kenako ndinaona kuti pamakina osokera palibe munthu. Ndinafunsa kumene kunali Telala.

A Gresham ananditengera kuseri kwa galaja, kumene kumakhala mabini a zinyalala. Telala anali ataima pamenepo ndi tepi yake m'khosi, nkhope atayang'anitsidwa kumpanda ngati mwana wolangidwa. A Gresham anati chimenecho ndi chipongwe, mnyamata uja akufuna kuwaseka. Ine ndinaima n'kumachiyang'ana chidolecho kumsana. Munthu amene anali ndi nthawi yochepa, m'nyumba ya eni, anayamba watulutsa mwamunayu panja asanakhudze mkazi uja, ndipo ndinafuna kudziwa chifukwa chake.

*

Ndinamutenga Luntha pagalimoto yanga kupita ku Falls Church, kwa Luyando, mtsikana wa ku Zambia amene anaumba zidolezo. M'njira ndinamufunsa chimene chinamuchititsa mwana wa mkulu wa mpingo kupanga filimu ya magazi.

Apa misozi inauma, ndipo anayankha m'Chingerezi chothamanga chimene ndikumasulirani. Anati mafilimu oopsa amene anthu amawatama kuno, ambiri kumbuyo kwake kuli munthu weniweni. Panali mlimi wina wokhala yekha amene ankafukula manda, ndipo pa iye yekha panatuluka mafilimu angapo. Panali wina wosangalatsa ana pamaphwando atadzipaka utoto kumaso. Panalinso wina wooneka bwino, amene ankamanga mkono ndi bandeji kuti atsikana amumvere chisoni n'kumunyamulira katundu. Opanga mafilimu amatola kanthu kamodzi koona pa munthu wotere, n'kumangapo bodza lawo, ndipo kanthu koonako n'kamene kamachititsa woonera kugona magetsi ali oyaka.

Luntha ankafuna wakupha wa kwathu. Anamupeza mu nyuzipepala yakale, ku laibulale ina yaikulu mu Washington imene imasunga nyuzi za ku Africa. Anali telala wa pa Chinguwo, zaka za m'ma 1980, amene ankayeza atsikana madiresi pakhonde la sitolo, n'kuwauza kuti adzatenge chovala chawo kunyumba kwake. Amene ankapita sankabwerera.

Ndinamukumbukira telala ameneyo. Ine ndinakulira ku Blantyre, kutali ndi Chinguwo, koma amayi ankatiopseza naye tikachedwa ku chigayo. Ndinkayesa ndi nthano chabe.

Luntha ankamudziwa munthuyo ngati malume ake. Ankadziwa dzina lake, mudzi wake, mtundu wa makina ake, ngakhale zimene ananena m'khoti. Nditaima pamagetsi ofiira a ku Seven Corners, ndinamufunsa maina a atsikana aja.

Anati nyuzipepala sinalembe.

*

Luyando tinamupeza mu saluni imene amagwira ntchito, akuluka mayi wina wa ku Ethiopia amene mutu unali utafika theka. Mayiyo anandiuza yekha, mokwiya ndithu, kuti anakhala pampando umenewo kuyambira m'mawa, ndiye zomuganizira Luyando zinathera pomwepo. Luyando ndi mtsikana wamfupi wolankhula ndi manja, ndipo atamva kuti chidole chasowa anagwetsa chipeso.

"Ba Christina, uja mukazi ninamupanga na manja yanga," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Manje wamene amutenga azamuchita chani? Sangamugulise. Ni wa filimu chabe."

Ndinafunsa ngati munthu mmodzi angachinyamule. Anaseka, n'kunena kuti labala ili kunja kokha, mkati ndi siponji, ndipo ngakhale ine ndi mawondo angawa ndingachikweze pamasitepe. Ndinafunsanso kumene anaitenga nkhope ya mtsikanayo, ngati anaiganiza yekha kapena anaonera munthu.

Luyando anayang'ana Luntha, Luntha anayang'ana pansi. Nkhope inachokera mu nyuzipepala ija. Pambali pa chithunzi cha Telala panali kachithunzi ka mtsikana womanga mpango kumutu, pansi pake atangolemba kuti mmodzi wa ophedwa. Luntha anakajambula pafoni yake. Aphunzitsi ake anamuuza kuti filimu imaluma ikakhala ndi choonadi, ndiye Luyando anaumba nkhopeyo ndendende, mpata wa pakati pa mano, kachipsera ka pachibwano, zonse.

Nditafunsa amene anachiona chidolecho chitatha, Luyando anati anachivundukula dzulo lomwelo, Loweruka, pojambula gawo lomaliza. Panali iye, Luntha, Fahad, ndi anzawo a kusukulu. Anayamba kuluka, kenako anaima, tsitsi lili m'manja.

"Na bamayi bake ba Fahad. Banatibweletsela masamusa. Banangena mu galaja baseka, bationesa beseni. Manje pamene banaona pa tebulo, banaimilila chabe so. Nenze naganiza ati bayopa magazi, nabauza ati mami, ni manyuchi aya. Banaika beseni pansi, bayenda. Osalayila na kulayila."

Ndinafunsa ngati anabwerera kudzatenga beseni lawo. Luntha anati likadali kukhitchini kwawo.

A Rukiya, mayi ake a Fahad, ndimawadziwa. Ndi mayi wachisilamu wosamalira okalamba m'nyumba za anthu, waulemu mpaka kutopetsa, amene amatsanzika ngakhale mphaka wa eni nyumba. Mayi wotere kuchoka osatsanzika, n'kusiya beseni lake kwa eni, ndiye kuti chamuonekera. Ndinamufunsa Luyando ngati akudziwa kwawo kwa a Rukiya ku Malawi. Sankadziwa, ndipo Luntha nayenso anapukusa mutu. Ine ndinkangodziwa kuti ndi a kummawa, ndipo Chinguwo ili kummawa.

*

Pamsewu wa Beltway panali magalimoto a anthu ochokera ku mpira, ndipo dzuwa linali litapendeka. Luntha ankangoyang'ana nthawi pafoni. Ine maganizo anali ku maliro a chaka chatha.

Anamwalira mayi wina wachisilamu wa kwathu ku Lanham komweko, ndipo ife a mipingo tinapita kukakhuza, monga timachitira kuno, kumene Mmalawi aliyense ndi m'bale wako. Itakwana nthawi yosambitsa thupi, amuna onse anatulutsidwa, ngakhale mwamuna wa malemuyo. Mazenera anatchingidwa. Ndinaona mayi wina akung'amba nsalu yoyera ndi manja, chifukwa nsalu yokulungira maliro, imene iwo amati sanda, sailowetsa singano, ndipo tizingwe tong'ambato ndi tomangira kumutu, pakati ndi kumapazi. Zovala za malemu anachita kudula ndi sizasi. M'madzi omaliza anasinjiramo kamfa. Mayi amene ankatsogolera zonsezi, amene amaitanidwa mkazi wachisilamu wa kwathu akamwalira kulikonse kuyambira Baltimore mpaka Richmond, anali a Rukiya.

Luntha sindinamuuze. Ndinaimbira a Gresham n'kuwauza kuti katundu wawo ali ku Lanham, abwere adzamuone ndi maso awo, ndipo apolisiwo akawaimbire ali komweko. Anafunsa ngati mnyamata uja wavomera. Ndinati angobwera.

Corolla ija inali pamalo oimikapo magalimoto, kutsogolo kwa mafulati a njerwa zofiira kumene amakhala a Rukiya ndi mwana wawo. Ndinasuzumira pazenera. Fahad ndi wamtali, amawerama polowa pakhomo, koma mpando wa dalaivala unali wokokera kutsogolo mpaka kufuna kukhudza chiwongolero, ndipo pampandopo panali kapilo.

Tisanagogode, Fahad anatuluka n'kutseka chitseko kumbuyo kwake. Maso anali ofiira, pakuti anagwira ntchito usiku wonse. Sanamuyang'ane n'komwe Luntha, anayang'ana ine.

"Anti, ndine ndatenga," anatero Fahad. "Ndachitaya m'bini ya kuseri kwa sitolo ina, ndipo galimoto ya zinyalala yatenga kale. Ndilipira. Akafuna apolisi, abwere kwa ine."

Luntha anakhala pansi pa sitepe. Ine ndinamumvera chisoni mnyamatayo, chifukwa bodza linkamukhala ngati jekete lobwereka. Lamulungu magalimoto a zinyalala sayenda, koma zimenezo ndinazisiya. Ndinangomufunsa kuti Telala anamuchita chiyani.

"Telala? Sindinamukhudze. Ndinamusiya pamakina pomwepo."

"Telala ali panja, Fahad, wayang'ana kumpanda. Amene anamutulutsa sanafune kuti mwamuna aone mkazi akusambitsidwa. Mayi ako ali m'nyumba?"

Anatambasula manja n'kugwira mafelemu a chitseko mbali zonse ziwiri. Anati mayi ake akudwala, asavutitsidwe. Anati iye anadzuka masana n'kupeza makiyi a galaja asuntha pamsomali, galimoto ikununkha kamfa, chipinda cha mayi ake chili chokhoma, ndipo sakudziwa chimene chawalowa. Koma mayi amene anamulera yekha m'dziko la eni sangakwere galimoto ya apolisi iye ali moyo. Ntchito ndi ntchito, adzapeza ina.

Tonse tinkadziwa kuti sadzaipeza. Ndisanamuyankhe, chitseko chinatseguka kumbuyo kwake.

"Choka pakhomo, Fahad," anatero a Rukiya. "Alendo saimitsidwa panja."

*

Anali atavala zoyera, mpango utaphimba mutu ndi mapewa. Anatipatsa moni mmodzimmodzi, kufunsa za kunyumba, za mawondo anga, za mayi ake a Luntha, ngati kuti tabwera kudzacheza. Tinavula nsapato. Kenako anatsegula chipinda chawo n'kutikodola ine ndi Luntha, ndipo Fahad anatsala pabalaza.

Pabedi panali thupi lokulungidwa m'nsalu yoyera, lomangidwa kumutu, pakati ndi kumapazi, litagonekedwa chammbali pa dzanja lamanja. Ndinkadziwa kuti ndi labala ndi siponji, komabe ndinapezeka ndatsitsa mawu ndipo manja ndagwira kumbuyo. Luntha anandigwira mkono.

"Sindinapenge, a Christina," anatero a Rukiya, atakhala pamkeka. "Ndikudziwa kuti ichi ndi chidole. Ashehe atamva andidzudzula, ndipo akhala akulondola. Koma nkhopeyi ndi ya achemwali anga."

Anatifotokozera mosathamanga, maso ali pabedi. Dzina la achemwali awowo linali Sumaya. Ndiwo ankawaluka tsitsi, ndiwo anawaphunzitsa kusenza ndowa osagwira. Chipsera cha pachibwano chinabwera atagwa mu mtengo wa mango pothyolera a Rukiya omwewo. Anapita kukatenga diresi la Idi kwa telala, a Rukiya ali mtsikana wa sitandade sikisi, ndipo anawalonjeza kuti zidutswa zotsala adzawasokera kasiketi.

Thupi linapezeka patapita milungu, kuthengo. Apolisi analitengera kuchipatala cha boma, kutali, n'kunena kuti ndi umboni. Pamene bambo awo ankapeza ndalama ya basi, anakauzidwa kuti akaidi analikwirira kale pamodzi ndi mitembo yosowa abale. Sanasambitsidwe, sanavekedwe sanda, ndipo manda ake palibe anawaonetsa. Mayi awo analira zimenezo mpaka tsiku la imfa yawo. Sankalira kuti mwana waphedwa, ankalira kuti anapita kwa Mulungu ali wakuda ngati wopanda kwawo.

"N'chifukwa chake ndinaphunzira ntchito imeneyi," anatero. "Ndasambitsa ana a eni ambirimbiri. Aliyense ndimati mwina Allah awerengera achemwali anga."

Dzulo analowa m'galaja ndi beseni la masamusa, n'kupeza Sumaya ali gone pathebulo, diresi long'ambika, miyendo pamtunda, anyamata akumuunika ndi magetsi, ndipo munthu amene anamupha atakhala pambali pake. Usiku sanagone. M'mawa, Fahad atabwera ku ntchito n'kugona, anatenga makiyi pamsomali. Anati cholinga chawo chinali kungomusambitsa, kumufunditsa, n'kumusiya pomwepo. Koma atamaliza kumanga kumapazi, anaganiza zoti eni ake akabwera adzamulowetsanso Telala uja, awiriwo n'kutsekeredwa m'chipinda chimodzi, ndipo manja anakana kumusiya.

Luntha ankalira mosabisa. Anayesa kupepesa m'Chingerezi, mawu anamuthawa, n'kuyesa m'Chichewa. Anati sankadziwa, ankayesa kuti anthu a mu nyuzipepala ija onse anatha kalekale.

"Unadziwa bwanji nkhope yake, mwanangu?" anafunsa a Rukiya. Munalibe mkwiyo m'mawu awo. "Ine ndakhala ndikudzifunsa usiku wonse. Chithunzi chake chinali chimodzi chokha, anajambulitsa pa situdiyo ya pa Chinguwo. Apolisi anadzachitenga kunyumba pofufuza, ndipo sanabweze. Ine nkhope ya achemwali anga inayamba kundithawa ndisanakwatiwe n'komwe. Dzulo m'pamene ndaionanso."

Belu la pakhomo linalira. Anali a Gresham.

*

Analowa ndi nsapato, foni ili m'manja, jekete la kutchalitchi likadali pathupi. Fahad anaimirira kuti ayambenso bodza lake lija, koma ndinayamba ndine kulankhula. Ndinawakokera a Gresham pambali n'kuwauza zonse mwachidule, monga ndimachitira ndi mabwana anga: amene anatenga, chifukwa chake, ndi chimene mnyamatayu anafuna kudzisenzetsa. Ndinawauzanso kuti sikisi koloko yakwana, foni ndi yawo, ndipo adilesi ya nyumba ino ndingawathandize kutchula bwino.

A Rukiya anatuluka n'kugwada patsogolo pawo, monga amachitira mayi wa kwathu popepesa. Anati analowa m'nyumba ya eni popanda chilolezo, zimenezo sakukana, ndipo ngati pali wopita kupolisi ndi iwo. Anangopempha kuti dzina la mwana wawo lisalembedwe.

A Gresham ankayang'ana kupyola mapewa a mayiwo, kuchipinda kumene chitseko chinali chotsegula, pa nsalu yoyera yomangidwa patatu. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Bambo amenewa mayi awo anamwalira m'chaka cha mliri chija, ndege zitaima, ndipo maliro anaonera pafoni ali m'khitchini ku Annandale. Sanakambepo zimenezo ndi munthu, koma ine ndinali nawo m'khitchinimo tsiku limenelo.

Luntha anadutsa bambo ake osawayang'ana. Anagwada pafupi ndi a Rukiya, n'kutsegula foni yake, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Chinali chithunzi cha mu nyuzipepala, chakuda ndi choyera, chamadonthomadontho: mtsikana womanga mpango, akumwetulira ndi mpata pakati pa mano, kumbuyo kwake kuli nsalu ya situdiyo yojambulidwa maluwa.

A Rukiya anachiyang'ana nthawi yaitali. Anapukuta galasi la foni ndi nsonga ya mpango wawo, ngati kuti madontho aja ndi fumbi.

"Mpango umenewu unali wanga," anatero. "Anandibwereka tsiku limenelo."

Atatero analira, kulira kwenikweni kwa pamaliro, kumene kunadikira zaka zonsezo. Luntha anawakumbatira. Inenso Siaidi ndinapezeka ndakhala pansi, miyendo nditatambasula, ndikulira nawo mtsikana amene sindinamuonepo. Za filimu palibe anatchula, ngakhale tonse tinkadziwa kuti gawo lomaliza lija silidzaonetsedwa monga analijambulira.

A Gresham anayang'ana foni yawo, n'kuiika m'thumba la jekete. Anawerama, n'kuvula nsapato zimene analowa nazo, n'kuzinyamula m'manja. Kenako anatembenukira kwa mnyamata uja, amene anali ataima pakona osadziwa kuti apite kundende kapena akhale pansi.

"A Fahad," anatero, "tiyeni tikakhale panja. Muno ndi mwa azimayi."

Anatuluka awiriwo, a Gresham ali ndi masokosi okha, ndipo Fahad anatseka chitseko pang'onopang'ono.